TZ90 kapena TZ100: sukulu yathu igule kamera iti?



Makolo, ophunzira ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti, monga mukudziwa, pa ndalama zimene munasonkha teremu yatha panapatulidwa gawo lina kuti sukulu ikhale ndi kamera yakeyake. Ife a kalabu yolemba kanyuzi kano, pamodzi ndi aphunzitsi amene amatiyang'anira, tinatumidwa kuti tifufuze ndi kubweretsa maganizo athu ndalamayo isanatuluke. Tasefa makamera angapo ndipo atsala awiri, onse a kampani ya Panasonic: Lumix TZ90 ndi Lumix TZ100. Taona chanzeru kufotokoza nkhaniyi poyera m'malo mongopereka dzina limodzi ku komiti, chifukwa ndalamazi ndi amanah, ndiponso kamera ikagulidwa palibe kubweza. Imene tisankhe ndi imene idzajambule a Fomu 1 a chaka chino mpaka tsiku limene adzatsanzikane ndi sukulu.

Mukawaika pamodzi pa tebulo mutha kunena kuti ndi mapasa. Onse ndi aang'ono, olowa m'thumba la mkanjo, ndipo amalemera magalamu ongopitirira pang'ono 300. Onse ali ndi ma megapixel 20, amagwiritsa ntchito batire la mtundu umodzi lotchedwa DMW-BLG10, amajambula vidiyo ya 4K, ali ndi sikirini yodina ndi chala, ali ndi kagalasi kosuzumiramo dzuwa likamathobwa m'maso, ndipo amatumiza zithunzi ku foni kudzera pa Wi-Fi. Pa lenzi ya iliyonse palembedwa dzina la Leica. Manambala a m'mayina awo asakupusitseni: yakale ndi TZ100, imene inatuluka mu 2016, pamene TZ90 inabwera mu 2017. Ku America makamera omwewa amatchedwa ZS100 ndi ZS70, choncho wachibale akakutumizirani chithunzi cha bokosi lolembedwa mayina amenewo, dziwani kuti ndi omwewa.

Chodabwitsa ndi ichi. Pa bokosi la TZ90 palembedwa zoom ya 30x, pamene pa la TZ100 palembedwa 10x basi. Koma pa nthawi imene ankatuluka, ku America TZ100 inkagulitsidwa pafupifupi madola 700 ndipo TZ90 pafupifupi madola 450. Kamera yakale, ya zoom yochepa katatu, n'kukhalanso yokwera mtengo. Chimene ogula ankalipira pa madola owonjezerawo sichioneka kunja, chili m'kati.

Sensa: pamene kuwala kumagwera

Kumbuyo kwa lenzi ya kamera iliyonse kuli kachipangizo kaphwanthiphwanthi kotchedwa sensa. Ndi kamene kamalandira kuwala n'kukusandutsa chithunzi, monga mmene filimu inkachitira kale. A Fomu 3 ndi 4 amene aphunzira za diso m'phunziro la Biology aganize za mbali ya kumbuyo kwa diso imene chithunzi chimagwerapo.

Sensa ya TZ90 ndi ya mamilimita pafupifupi 6.2 m'litali ndi 4.6 m'lifupi, yaing'ono kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Ya TZ100 ndi ya mamilimita 13.2 ndi 8.8. Mukachulukitsa manambalawa mupeza kuti yoyambayo ili ndi malo okwana pafupifupi 28 ndipo inayo 116, kutanthauza kuti sensa ya TZ100 ndi yaikulu kanayi. Ogulitsa amaitcha sensa ya inchi imodzi, koma musatenge lula n'kuyembekezera kupeza inchi. Dzinalo linachokera ku machubu a makamera a kanema akalekale, ndipo kuyeza kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya inzake pamangokwana mamilimita pafupifupi 16.

Tsono apa ndi pamene nambala ya megapixel imanamiza anthu ambiri. Ma megapixel 20 akutanthauza kuti sensa yagawidwa timagawo 20 miliyoni, ndipo kagawo kalikonse kamatchera kuwala kwakekwake. Ganizirani mabanja awiri, lililonse la ana makumi awiri. Banja lina likugawira ana ake ekala imodzi, lina likugawa maekala anayi. Chiwerengero cha ana ndi chimodzimodzi koma zokolola za mwana aliyense sizingafanane. Mu TZ100 kagawo kalikonse kamalandira kuwala kochuluka pafupifupi kanayi poyerekeza ndi ka mu TZ90. Masana panja, pamene kuwala kuli mbwee, kusiyanaku sikuoneka kwenikweni. Kumayamba kuoneka kuwala kukachepa.

Nanga zithunzi zathu timajambula kuti?

Titakhala pansi n'kuganizira zochitika za chaka chonse, tinaona kuti zambiri zimene makolo amafuna kuona m'kanyuzi kano zimachitikira m'kati mwa nyumba kapena dzuwa litapendeka: mpikisano wa kuwerenga Qur'an mu holo, jalasa ya ana a madrasa, mwambo wopereka mphoto, misonkhano ya makolo, zoyeserera za m'labu, ndi futari imene timadyera limodzi m'mwezi wa Ramadhan nthawi ya Maghrib. Holo yathu mumaidziwa. Mawindo ali mbali imodzi, mababu ndi ochepa, ndipo magetsi akathima timangodalira kuwala kolowera pakhomo.

Kamera ikakhala pa malo otere ili ndi njira zitatu zokha zopezera kuwala kokwanira, ndipo n'kofunika kuti amene adzaigwire azidziwe.

Yoyamba ndi kukulitsa chibowo cha mu lenzi chimene kuwala kumadzera. Kukula kwake kumalembedwa ndi chilembo f, ndipo nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti chibowo n'chachikulu. TZ100 imatseguka mpaka f/2.8 pamene TZ90 imalekera pa f/3.3. Pa pepala zikuoneka zoyandikana, koma f/2.8 imalowetsa kuwala koposa ndi magawo pafupifupi 40 pa 100 alionse. Mukaphatikiza ndi kukula kwa sensa kuja, TZ100 ikusonkhanitsa kuwala kopitirira kasanu pamene simunakoke zoom.

Yachiwiri ndi kusiya chibowocho chili chotsegula kwa nthawi yotalikirapo. Vuto lake ndi lakuti chilichonse chimene chayenda m'kanthawi kameneko chimatuluka chachimbuuzi. Aliyense amene anadutsa ku madrasa akudziwa kuti mwana akamawerenga Qur'an pamtima sakhala njii, amagwedezeka chamtsogolo ndi chambuyo. Kuti nkhope yake ituluke bwino, kamera iyenera kutsegula ndi kutseka m'kanthawi kosapitirira gawo limodzi mwa magawo 125 a sekondi, kapena mofulumirapo. Makamera onse awiri ali ndi njira yochepetsera kunjenjemera kwa dzanja la wojambula, ndipo ogulitsa amakonda kuitama, koma imeneyo imathandiza dzanja lokha. Singaimitse mwana amene akugwedezeka.

Ndiye imatsala njira yachitatu, yomwe ndi kukweza nambala yotchedwa ISO. Uku kuli ngati kukweza voliyumu ya wailesi imene siteshoni yake ikumveka patali: mawu amakwera, koma phokoso la shiii limakwera nawo. Pa chithunzi phokosolo limaoneka ngati mchenga wowazidwa pankhope ndi pa makoma, ndipo kamera ikayesa kuufufuta imafufutira limodzi tinthu ting'onoting'ono monga maluwa opetedwa pa chisoti, mapindo a hijab ndi zilembo za pa setifiketi imene mwana wanyamula. ISO ya TZ90 imalekera pa 3200, ndipo ya TZ100 imafika 12800, osawerengera manambala owonjezera amene amachita kutsegulidwa mu menyu. Sitikunena kuti aliyense adzajambule pa manambala akumapetowo. Mfundo ndi yakuti pa ISO 1600, pamene holo ngati yathu imakonda kukankhira kamera, chithunzi cha TZ100 chimakhala choti n'kusindikiza, pamene cha TZ90 chimakhala chitayamba kale kuoneka ngati chopakidwa utoto ndi chala.

Wina anena kuti si pali fulashi? Ilipo pa onse awiri, koma ndi kafulashi kakang'ono kofika mamita ochepa. Kuchokera pakati pa holo kamangowalitsa mitu ya amene akhala kutsogolo kwanu, pulatifomu n'kutsala mu mdima. Kuwonjezera apo, kuthwanimitsa fulashi m'maso mwa mwana amene akulimbana ndi kukumbukira aya yotsatira si chilungamo, ndipo mu mzikiti sitingayerekeze n'komwe. Chosangalatsa n'chakuti makamera onsewa ali ndi njira yojambulira mwakachetechete, yopanda kulira kapena kuthwanima. Koma mukazimitsa fulashi ndiye kuti zonse zatsamira pa sensa.

Pali chinanso chimene sichilembedwa pa mabokosi koma chimatikhudza ife kwambiri. Lachisanu ndi pa Eid ambiri timavala zoyera, ndipo nkhope zathu ndi zakuda. Kamera imavutika kusunga zonse ziwiri pa chithunzi chimodzi, makamaka padzuwa la masana. Ikafuna kuti nkhope ioneke, mkanjo umangoyera mbee osaonekanso mapindo kapena mabatani. Ikafuna kusunga mkanjo, nkhope imada bii n'kutsala mano ndi maso. Sensa yaikulu imatha kunyamula zowala ndi zakuda pamodzi bwinoko kuposa yaing'ono. Siichotseratu vutoli, ndipo wojambula wanzeru adzapitirizabe kuimika anthu pamthunzi wa mtengo kapena pakhonde, koma imampatsa mpata wokulirapo.

Mbali imene TZ90 ikupambana

Tisaipondereze TZ90, chifukwa zoom yake si nkhambakamwa. Lenzi yake imayambira pa 24mm kufika pa 720mm, pamene ya TZ100 imayambira pa 25mm kufika pa 250mm, potengera muyezo umene makamera onse amayerekezeredwa. Nambala yaing'ono ndi yotenga malo aakulu, monga kalasi yonse. Yaikulu ndi yokokera pafupi zinthu zakutali. Poyambira pake ndi ofanana, choncho pa chithunzi cha gulu palibe woposa mnzake. Nkhani ili kumapeto.

Tiyeni tiyeze ndi bwalo la mpira. Mutaima mamita 50 kuchokera pa golo, TZ100 itakokedwa mpaka pamapeto imaonetsa malo a mamita pafupifupi 7 m'lifupi. Golo ya muyezo ndi ya mamita 7.32, ndiye kuti golo yonse ndi goloboyi wake zimadzaza chithunzi. TZ90 pa malo omwewo imaonetsa mamita awiri ndi theka okha, kutanthauza osewera mmodzi, mpaka kuona thukuta pamphumi. A kalabu ya zachilengedwe akapita ku Liwonde National Park, mvuu ya tsidya lina la Shire kapena nkhwazi ya pansonga ya mtengo idzaoneka bwino pa TZ90 kuposa pa inzake. Pamenepo palibe kutsutsa.

Ophunzira ena afunsa ngati zoom imeneyi ingajambule mwezi ukaoneka kumayambiriro kwa Ramadhan kapena usiku woti mawa ndi Eid. Pa 720mm mwezi wathunthu umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a msinkhu wa chithunzi, pamene pa 250mm umatenga gawo limodzi mwa khumi. Kamwezi katsopano n'kopyapyala, kamakhala m'munsi kumadzulo ndipo sikachedwa kulowa, choncho popanda choimikapo kamera cha miyendo itatu n'kovuta kukagwira. Chingakhale chithunzi chokongola, koma tikumbukire kuti olengeza za kuoneka kwa mwezi ndi ma ulama athu, osati kalabu ya kanyuzi.

Zoom yaitali ilinso ndi msonkho wake. Pa 720mm chibowo cha lenzi chimachepa kufika pa f/6.4, ndiye kuti kuwala kolowa kwatsika pafupifupi kanayi poyerekeza ndi poyambira paja, pa sensa imene ili kale yaing'ono. Masewero athu amayamba tikaweruka, ndipo chigawo chachiwiri chimatha dzuwa litafiira. Nthawi imene chigoli chopambanira chimalowa ndi nthawi yomweyo imene TZ90 yayamba kusowa kuwala. Kugwira kamera yopepuka chonchi osagwedeza pa 720mm, kwinaku mukutsata mwana amene akuthamanga, ndi luso lofuna kuyeserera kwa miyezi. Ndipo m'miyezi yotentha ya October ndi November mpweya wa pamwamba pa nthaka umachita kuvina, moti chinthu chakutali chimatuluka chopindikapindika ngakhale lenzi ikhale yabwino chotani.

Komanso TZ100 ili ndi njira yotalikitsira dzanja lake. Chithunzi chake chimakhala cha timadontho 5472 m'litali ndi 3648 m'lifupi. Mukadula pa kompyuta n'kutsala ndi theka la mbali iliyonse, zili ngati mwajambula pa 500mm, ndipo mumatsala ndi timadontho 2736 ndi 1824, pafupifupi ma megapixel 5. Pa muyezo wa osindikiza wa timadontho 300 pa inchi, chimenecho ndi chithunzi cha masentimita 23 ndi 15, choposa m'lifupi mwa tsamba la A4 limene mukuwerengali. Choncho kutalika kumene TZ100 ikusowa tingathe kukupeza, mwina poyenda mapazi khumi kutsogolo, mwina podula. Kuwala kumene TZ90 ikusowa mu holo palibe pokakutenga.

Kuti chilungamo chioneke, tinene za zofooka za TZ100. Nambala ija ya f/2.8 imapezeka pokhapokha zoom isanakokedwe. Mukangoyamba kukoka, chibowo chimachepa msanga mpaka kufika pa f/5.9, ndipo kumapeto kwa zoom zithunzi zake zimafewa pang'ono. Amene adzakhale kumbuyo kwa holo n'kumakoka zoom chifukwa cha manyazi adzataya gawo lalikulu la ubwino umene tikulipira. Wojambula wa sukulu ayenera kupempha malo kutsogolo, kugwada pambali mwaulemu, n'kujambula ali pafupi.

Sikirini ya TZ100 ndi yomatirira, pamene ya TZ90 imatukuka m'mwamba mpaka kuyang'ana kutsogolo. Tikudziwa kuti ambiri mwa ophunzira aganiza kale za selfie, ndipo sitigula kamera ya sukulu chifukwa cha zimenezo. Komabe sikirini yotukuka imathandiza pojambula ana aang'ono atakhala pa mkeka, chifukwa mumatsitsa kamera kufika pa msinkhu wawo popanda kugona pansi. Pa batire TZ90 ilinso patsogolo: kampani imati imajambula zithunzi pafupifupi 380 pa kutchaja kumodzi, pamene TZ100 imajambula 300. Mukamasuzumira m'kagalasi m'malo mwa sikirini, manambala onsewa amatsika. Mwambo wa tsiku lonse udzafuna batire lachiwiri, kaya tigule iti. Ubwino wake ndi wakuti onse amatchajidwa ndi chingwe cha USB, choncho power bank kapena sola ya ku ofesi ikwanira magetsi akathima.

Za vidiyo tingonena mwachidule, chifukwa pamenepo ndi ofanana ngakhale pa zofooka. Palibe mwa awiriwa imene ili ndi pobayira maikolofoni, ndipo palibe imene imajambula mosalekeza kupitirira theka la ola. Amene akuganiza kuti kamerayi idzasunga bayani yonse ya a Shehe kapena mawu omveka bwino a mwana wowerenga ali patali adzakhumudwa. Mawu abwino adzachokera ku foni yoikidwa pafupi ndi wowerengayo. 4K nayo imadzaza memori khadi msanga, pamene vidiyo ya Full HD ndi yokwanira pa zosowa zathu.

Bwanji osangogwiritsa ntchito foni?

Funsoli labwera kuchokera kwa makolo angapo ndipo ndi lomveka. Mafoni okwera mtengo a masiku ano amajambula bwino kwambiri, ngakhale madzulo. Koma mafoni amene ambirife tili nawo ali ndi sensa yaing'ono, ndipo zoom yake si ya lenzi ayi, amangokulitsa pakati pa chithunzi mpaka nkhope kusweka. Chifukwa chachikulu, komabe, si cha luso. Foni ndi ya munthu. Zithunzi za ana anu zikajambulidwa pa foni ya mphunzitsi kapena ya mlendo, zimapita naye kunyumba, zimalowa m'magulu a WhatsApp, ndipo akasamuka kapena foni ikabedwa zimapita nazo. Kamera ya sukulu imagona mu ofesi, khadi yake imatsitsidwa pa kompyuta imodzi, ndipo pali buku losonyeza amene anaitenga ndi tsiku lake. Ngakhale zithunzi za ziphaso za mayeso a MANEB zidzajambulidwa pamalo amodzi, pa khoma limodzi, popanda kubwereka foni ya wina.

Apa ndi pamene tikufuna kunena mawu amene mwina akhudza a komiti kuposa manambala onse aja. Zoom ya 30x imatha kujambula nkhope ya munthu amene ali kutsidya kwa bwalo iye osadziwa. M'manja mwa mnyamata wa zaka 15 chimenecho ndi chiyeso, ndipo mtsikana amene wakhala phee pansi pa mtengo ndi anzake ali ndi ufulu wosajambulidwa mobisa. Surah Al-Hujurat imatiletsa kufufuzafufuza za anzathu mwamseri, ndipo kusuzumira ndi lenzi n'chimodzimodzi kusuzumira pa mpanda. TZ100 nayo ingagwiritsidwe ntchito molakwika, sitikukana, koma kamera imene imakakamiza wojambula kuyandikira imamukakamizanso kuonekera ndi kupempha. Ife tikuona kuti kufupika kwa zoom yake ndi chinthu chotiyenera.

Kaya igulidwe iti, tikupempha komiti kuti ikhazikitse malamulo kamera isanafike. Tikudziwa kuti ma ulama amasiyana maganizo pa nkhani ya zithunzi, ndipo pali mabanja pakati pathu amene safuna kuti ana awo ajambulidwe kupatula pa zofunika monga chiphaso. Amenewo alembetse ku ofesi ndipo chifuniro chawo chilemekezedwe popanda kuwafunsa zifukwa. Zochitika za atsikana zijambulidwe ndi atsikana anzawo kapena aphunzitsi aakazi. Pa nthawi ya swala kamera ikhale m'chikwama. Ndipo chithunzi chilichonse chisanalowe m'kanyuzi kapena pa tsamba la Facebook, mphunzitsi woyang'anira achione kaye.

Maganizo athu ndi zoyenera kuona pogula

Ife tikupempha komiti kuti igule TZ100. Zochitika zimene TZ90 ingapambane, monga ulendo wa ku Liwonde, zimabwera kamodzi pa chaka, pamene holo, makalasi ndi khonde la mzikiti tili nazo sabata iliyonse.

Pempholi lili ndi malire ake. Kamera siyenda yokha. Pakufunika batire lachiwiri, makhadi awiri a SD, kachikwama kolimba, ndi pena posungira zithunzi kuti zisathere pa kompyuta imodzi. Khadi yojambulira 4K iyenera kukhala yolembedwa U3. Ngati mtengo wa TZ100 udzadya ndalama yonse osasiyako ya zimenezi, ndi bwino kutenga TZ90 yokhala ndi zonse kusiyana ndi kubwereranso kwa makolo kukapempha zowonjezera, kapena kugula kamera yabwino n'kumaiyendetsa m'thumba la pulasitiki. Zikatero tidzaphunzira kukhala nayo: kutsegula mawindo onse, kuimika opambana pakhomo pamene pali kuwala, ndi kujambula zithunzi za magulu panja mwambo ukatha.

Makamera onsewa ndi akale, ndipo m'malo mwawo munabwera ena monga TZ200 mu 2018 ndi TZ95 mu 2019. Choncho n'kutheka kuti imene tipeze idzakhala yoti wina anagwiritsapo kale ntchito, kaya m'masitolo a ku Blantyre ndi Lilongwe kapena kudzera mwa abale athu a ku Johannesburg, Durban ndi Leicester. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kamera yonyezimira kunja itha kukhala ndi matenda m'kati, ndipo matenda aakulu a makamera a mtundu uwu ndi fumbi. Lenzi yake imatuluka ndi kulowa nthawi iliyonse mukayatsa ndi kuzimitsa, ndipo potero imatha kukokera fumbi m'kati mpaka pa sensa. Popeza lenziyo sichotsedwa, kupukuta kumafuna katswiri woti amasule kamera yonse. Palibe mwa awiriwa imene inapangidwa kuti ipirire mvula, fumbi la m'chilimwe kapena mchenga wa kunyanja.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Ikani kamera pa chilembo A, kwezani nambala ya f kufika pa 8, kokani zoom, kenaka jambulani khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo. Mukakulitsa chithunzicho n'kuona timadontho totuwa tokhala pamalo amodzimodzi pa zithunzi ziwiri kapena zitatu, limenelo ndi fumbi, ndipo lidzaoneka pamphumi pa aliyense amene tidzamujambule. Yatsani ndi kuzimitsa kangapo mukumvetsera: lenzi iyende mosalala, osakukuta kapena kuima panjira, ndipo titsamba totseka kutsogolo kwake titsegukire tonse. Unikani mu lenzi ndi tochi ya foni kuti muone ngati muli tiulusi tonga ukonde wa kangaude, chomwe ndi chizindikiro cha nkhungu. Batire liikeni pa tebulo. Likamagwedera ndiye kuti latupa. Bayani chingwe cha USB muone ngati ikutchaja, chifukwa pobayira pakawonongeka ubwino uja wa power bank watha. Pomaliza tsegulani menyu muone kuti Chingerezi chilipo, popeza makamera ena a Panasonic opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi Chijapani chokha.

Ngati kamera ikuchokera kunja, mtengo wotumizira ndi msonkho wa pa chipata ziwerengedwe pamodzi ndi mtengo wogulira komiti isanavomereze. Ndipo popeza sitidzatha kuigwira ndi manja tisanalipire, wogulitsa apemphedwe kutumiza zithunzi zitatu zojambulidwa ndi kamerayo: cha khoma loyera pa f/8, cha munthu m'chipinda popanda fulashi, ndi cha chinthu chakutali zoom itakokedwa yonse. Azitumize pa imelo kapena ngati document pa WhatsApp, chifukwa zikatumizidwa mwa nthawi zonse zimafinyidwa ndipo zilema zimabisika.

Komiti idzakambirana nkhaniyi pa msonkhano wake wotsatira ikatha swala ya Jumu'ah, insha Allah. Makolo amene muli ndi abale okhoza kutifunsira mitengo ya makamera awiriwa kumene ali, kapena amene mukuona mosiyana ndi ife, chonde kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu tsikulo lisanafike, kapena tumizani kalata kudzera mwa mwana wanu.

Wassalam.